Mutu 9: Kamba wa Omwalira

M'mwezi wa Novembala 1855, David Livingstone akutsika ndi mtsinje wa Zambezi pamodzi ndi Sekeletu, mfumu ya Amakololo, anaima pa chilumba cha Kalai, kumtunda pang'ono kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya. Pachilumbapo anaonapo manda a mfumu Sekute, imene iye polemba ankaitchula kuti Sekote. Mandawo anali atazingidwa ndi minyanga ikuluikulu ya njovu 70, yozikidwa pansi ngati mpanda, nsonga zake zitaloza mkati. Minyanga ina 30 inali pa manda a abale a mfumuyo. Dzuwa ndi mvula zinali zitaidya kale, moti inali kufumbutuka.

Wamalonda wa nthawi imeneyo akanaona zimenezi akanagwira pakamwa. Minyanga 100 chinali chuma chogulira mfuti, nsalu ndi mikanda yokwanira dziko lonse la mfumu. Koma eni ake anaisiya pamtetete kuti iwolere pomwepo, ndipo palibe anayesa kuzulapo ngakhale umodzi. Kwa iwo minyangayo inali ndi mwini wake, ndipo mwiniyo, ngakhale anali pansi pa dothi, ankaona.

Tauni ya Livingstone, imene inakhazikitsidwa mu 1905, ili pafupi ndi malo amenewa. Alendo amathamangira kumathithi kukajambulitsa zithunzi atanyowa ndi nthunzi, ndipo ndi ochepa amene amadziwa kuti akuponda pa kachisi. Livingstone mwiniwake analemba kuti pafupi ndi mathithiwo panali malo atatu pamene mafumu ankathirapo nsembe kwa mizimu, ndipo amodzi mwa malowo ndi kachilumba ka pamlomo penipeni pa phompho, kamene lero kamadziwika ndi dzina lake. Anamvanso kuti utawaleza umene umaoneka mu nthunzi ija anthu ankautcha munsi wa mizimu. Mpaka pano Aleya a kwa mfumu Mukuni amachita mwambo wa Lwiindi, wopempha mvula ndi mtendere kwa makolo awo, ndipo pa zamizimu amene amatsogolera ndi mayi wa udindo wa Bedyango, yemwe amalamulira limodzi ndi mfumuyo. Munthu amene anakulira pafupi ndi kachisi wa kwa Msinja kapena wa Mbona ku Khulubvi sangadabwe nazo.

M'tauni momwemo, mumsewu waukulu wa Mosi-oa-Tunya, muli Livingstone Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inayamba mu 1934. Akatswiri a kumeneku ndi amene anathandiza kufukula manda otchuka a ku Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu umathira mu Zambezi. Malowo anatulukiridwa mwangozi mu 1960, anthu akukumba kuti amange thanki ya madzi. Anayamba kufukula ndi J. H. Chaplin, kenako Brian Fagan. Mwa mitembo 46 imene anapeza, 11 ya pakati pa chitunda inali yovekedwa zodabwitsa: mikanda ya golide, zibangili za mkuwa zodzadza mikono, mikanda ya galasi yochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, zigoba za m'nyanja, mabelu achitsulo, ndi mitanda yolemera ya mkuwa imene inkagwira ntchito ngati ndalama. Enawo anaikidwa chakumbali, ambiri a iwo opanda kanthu kooneka ndi maso.

Munthu wakufa mikanda ya golide achita nayo chiyani? Funso limeneli lafunsidwa pa manda a mitundu yambiri, koma pali mitundu iwiri imene mayankho ake anatchuka dziko lonse: anthu a ku Egypt wakale, dziko limene owerenga Baibulo amalidziwa kuti Aigupto kapena Ejipito, ndi a Viking a kumpoto kwa Ulaya.

A ku Egypt ankati munthu ndi mtolo wa zinthu zingapo. Pali thupi, pali dzina, pali mthunzi, pali ka, mphamvu ya moyo imene imafuna chakudya ngakhale munthu atamwalira, ndiye pali ba, imene ankaijambula ngati mbalame ya mutu wa munthu. Masana ba inkatha kuuluka kupita komwe ikufuna, koma usiku inkayenera kubwerera ku thupi. Thupi likawola, mbalameyo isowa potera. Ichi ndicho chifukwa chake ankalimbana ndi kuumika mitembo. Ankang'amba kumanzere kwa mimba, n'kuchotsa chiwindi, mapapo, chifu ndi matumbo, n'kuziika m'mitsuko inayi. Ubongo ankaukoka kudzera m'mphuno n'kuutaya, poti sankauona ngati kanthu. Thupilo ankalikwirira mu mchere wa m'chipululu wotchedwa natron kwa masiku pafupifupi 40, kenako n'kulidzoza mafuta ndi utomoni, n'kulikulunga m'nsalu zambirimbiri. Mwambo wonse unkatha masiku 70. Amene amawerenga Genesis chaputala 50 akumbukira kuti Yosefe atalamula kuti thupi la bambo ake Yakobo likonzedwe, masiku amene akutchulidwa ndi omwewa, 40 ndi 70.

Mtima wokha sankauchotsa. Kwa iwo nzeru, chikumbumtima ndi mbiri yonse ya munthu zinkakhala mumtima, ndipo mtimawo unali mboni pa mlandu umene unkadikira kutsogolo. Pa gumbwa la mlembi wina dzina lake Ani, lolembedwa cha m'ma 1250 Yesu asanabadwe ndipo lero lili ku British Museum ku London, bwalo la mlanduwo analijambula bwino lomwe. Pakati pali sikelo. Mbale imodzi muli mtima wa Ani, mbale inayo muli nthenga imodzi ya Maat, chizindikiro cha choonadi ndi chilungamo. Anubis, mulungu wa mutu wa nkhandwe, wagwada akuyang'ana ngati sikeloyo yalingana. Thoth, mlembi wa milungu, wagwira cholembera. Kumbuyo kwake kwakhala chilombo chotchedwa Ammit, mutu wa ng'ona, chifuwa cha mkango, matako a mvuu, kudikira mtima umene ulemere kuposa nthenga. Womwalirayo ankayenera kukana milandu pamaso pa oweruza 42: kuti sanabe, sanaphe, sanachite chinyengo pa muyeso wa tirigu, sanatseke madzi olowa m'munda mwa mnzake. Wopambana ankaperekedwa kwa Osiris, mfumu ya akufa, n'kulowa m'dziko lotchedwa Munda wa Bango.

Dziko limeneli silinali la mitambo ndi azeze. Linali Egypt yemweyo, wa minda, ngalande ndi ng'ombe, kungoti wopanda njala. Ndipo poti kunali minda, kunalinso ntchito yokakamiza, imene agogo athu akanaitcha thangata. Olemera anapeza njira yoizembera. Ankaikidwa ndi tizidole totchedwa shabti, tonyamula makasu ndi madengu, tolembedwa mawu akuti mwini wake akaitanidwa kukalima, kadoleko kayankhe m'malo mwake. M'zaka zam'tsogolo munthu mmodzi ankatha kukhala nato 401: antchito 365, mmodzi pa tsiku lililonse la chaka, ndi akapitawo 36 owayang'anira. Ngakhale kumanda bwana safuna kugwira khasu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiseketsa ndi kundimvetsa chisoni nthawi imodzi. Livingstone, amene anathera zaka zake zomaliza akufunafuna gwero la Nile, mtsinje wa ku Egypt, anakonzedwa ngati munthu wa m'mbali mwa Nile. Atamwalira m'mudzi mwa Chitambo mu Meyi 1873, anthu ake, motsogozedwa ndi Susi ndi Chuma, anagwirizana zokapereka thupi kwa abale ake. Anachotsa zam'kati, n'kupaka thupilo mchere, n'kuliyanika padzuwa kwa masabata awiri. Kenako analikulunga m'nsalu ndi m'khungwa la mtengo, n'kulinyamula wapansi miyezi yambiri mpaka ku Bagamoyo. Linaikidwa ku Westminster Abbey pa 18 Epulo 1874, madokotala atalizindikira ndi fupa la mkono limene mkango unathyola kalekale. Kusiyana kwake ndi kwakuti mtima, umene wa ku Egypt sakanalola kuti uchoke, ndi umene unatsala. Anaukwirira patsinde pa mtengo wa mpundu, ndipo mmodzi wa anthu akewo, Jacob Wainwright, anasema dzina pa mtengowo. Akanakhala wa ku Egypt akanafika pa sikelo ija chimanjamanja.

Bwato nalo linali lofunika. A ku Egypt ankakhulupirira kuti dzuwa limayenda pa bwato, masana kuthambo, usiku kunsi kwa dziko, ndipo manda ambiri ankakhala kumadzulo kwa mtsinje, kolowera dzuwa. Mu 1954, pambali pa piramidi yaikulu ya mfumu Khufu ku Giza, anapeza dzenje lotsekedwa ndi miyala momwe munali ngalawa ya mkungudza yophwasulidwa m'zidutswa zoposa 1,200. Ataiphatikiza inatalika mamita 43. Inali itakhala m'dzenjemo zaka pafupifupi 4,500.

Pa nkhani ya mabwato m'pamene a Viking amalowera. Awa anali anthu a ku Norway, Denmark ndi Sweden amene kuyambira cha m'ma 793 mpaka cha m'ma 1066 ankayenda panyanja, kwina akuchita malonda, kwina akufunkha. Mu 1904, pa famu ya Oseberg ku Norway, anafukula chitunda momwe munali ngalawa yathunthu yotalika mamita oposa 21, yokwiriridwa m'chaka cha 834. Mkati munali amayi awiri, wina nkhalamba, wina wocheperapo. Anawalongedzera ngati anthu osamuka mudzi: ngolo yosemedwa mwaluso, mabedi, zofunda, zida zoombera nsalu, ziwiya za kukhitchini, ndowa ya maapozi, agalu, ng'ombe ndi akavalo oposa 10. Kumene kunalibe chuma chotere ankangoyala miyala mozungulira manda mofanizira bwato, monga zilili ku Lindholm Høje ku Denmark, komwe kuli manda pafupifupi 700.

Mafilimu atizolowetsa kuti Viking aliyense ankalakalaka Valhalla, nyumba ya mulungu Odin ya makomo 540, komwe ankhondo ofera kunkhondo amamenyana tsiku lonse, madzulo n'kudzuka onse kukadya nguluwe yosatha ndi kumwa mowa wa uchi. Nkhaniyo iliko ndithu, koma ndi mbali imodzi chabe. Theka la ofera kunkhondo ankati limapita kwa mulungu wamkazi Freyja. Omira m'nyanja ankakodwa mu ukonde wa Rán. Omwalira ndi matenda kapena ukalamba, amene ndiwo ambiri m'dziko lililonse, ankapita kwa Hel, malo ozizira a kunsi, amene poyamba sankaoneka ngati ng'anjo ya chilango. Kuonjezera apo, zambiri zimene timadziwa zinalembedwa ndi Snorri Sturluson wa ku Iceland cha m'ma 1220, Mkhristu amene dziko lake linali litatembenuka zaka zoposa 200 m'mbuyomo. Zili ngati kufunsa mkulu wa mpingo wa lero kuti afotokoze bwinobwino zimene zinkachitika kudambwe nthawi ya Kalonga.

Mboni imodzi yoona ndi maso ilipo. Mu 922, Ahmad ibn Fadlan, mthenga wochokera ku Baghdad, anaonerera maliro a mfumu ya anthu otchedwa Rus, amene akatswiri ambiri amati anali a Viking, m'mbali mwa mtsinje wa Volga. Mtembo unakhala m'manda ongoyembekezera masiku 10 pamene ankausokera zovala. Chuma cha malemuyo anachigawa patatu: gawo la banja, gawo la zovala, gawo la mowa wa pamaliro. Tsiku litakwana anakokera ngalawa kumtunda, n'kugonekamo mfumuyo pamodzi ndi zida zake, zakudya, galu, akavalo awiri, ng'ombe ziwiri ndi nkhuku. Mtsikana wina, kapolo, anamwetsedwa mowa, n'kuphedwa ndi mayi wokalamba amene ankamutcha mngelo wa imfa, amuna akumenya zishango kuti kukuwa kwake kusamveke. Kenako anayatsa moto. Mmodzi mwa anthuwo anaseka Aluya kuti amapereka okondedwa awo kwa mphutsi, pamene iwo amawatentha kuti alowe kumwamba nthawi yomweyo.

Mtsikana uja tisamudumphe. Kamba wa munthu wamkulu nthawi zina ankakhala munthu mnzake. Ku Egypt, mafumu oyambirira a ku Abydos anazingidwa ndi manda a antchito awo, ndipo pa manda a mfumu Djer pali oposa 300, mwambo umene pambuyo pake unatha. Nafenso tisadziyeretse. Nkhani za mafumu akuluakulu oikidwa pamodzi ndi anthu amoyo zilipo m'mbiri ya mitundu ingapo ya kuno, ndipo pa Kalai pomwe paja Livingstone anaonanso zigaza za anthu zitapachikidwa pa mitengo pabwalo la mfumu.

Tsono zonsezi, piramidi, ngalawa, golide ndi minyanga, ndi za anthu a pakati pa chitunda. Mlimi wamba wa ku Egypt ankakulungidwa m'mphasa n'kukwiriridwa mumchenga ndi kamphika kamodzi kapena tiwiri, monga momwe makolo athu ankaikidwira mabokosi asanafike. Ndipo tikafufuza zimene anthu otsala ankachita tsiku ndi tsiku, dziko lakutali lija limayamba kuzimirira. Womwalira amaoneka kuti sanapite patali.

Ku Petrie Museum ku London kuli mbale yadothi yochokera ku Qau, ya zaka pafupifupi 4,000. Munthu wina dzina lake Shepsi analembapo makalata awiri, mkati kwa bambo ake, kunja kwa mayi ake, onse omwalira. Nkhani yake ndi ya malo: wina akumulanda chuma chamasiye, ndipo akuganiza kuti m'bale wake amene anamwalira ndiye akumuputira tsoka, chikhalirecho iye ndi amene anamuika m'manda mwaulemu. Kwa mayi ake akuwakumbutsa kuti tsiku lina analakalaka zinziri, iye n'kuwabweretsera 7, iwo n'kudya. Ndiye lero akungoonerera bwanji mwana wawo akuzunzika? M'mbalemo ankaikamo chakudya n'kukaisiya kumanda, kuti makolo akamadya awerenge. Aliyense amene anamvapo mkulu wa mbumba akuthira nsembe ya ufa ndi mowa patsinde pa mtengo, akutchula makolo mmodzimmodzi, kwinaku akuwadandaulira kuti ana akudwala inu muli pomwepo, kamvekedwe aka akukadziwa. Si pemphero la munthu wamantha. Ndi madandaulo a pachibale, a munthu amene anachita mbali yake ndipo akufuna kuti anzake achite yawo.

Kwa a Viking nakonso n'chimodzimodzi. Ngalawa ya ku Oseberg ija, imene tingaganize kuti inali yoolokera kutsidya, anaipeza itamangidwa ndi chingwe ku chimwala chachikulu mkati mwa chitundacho. Ofuna kuti bwato linyamuke salimangirira. Nthano za ku Iceland zimasimba za banja lina limene linkakhulupirira kuti anthu ake akamwalira amalowa m'phiri la Helgafell, loonekera pakhomo pawo, ndipo mbusa wina anaona phirilo litatseguka, mkati muli moto ndi phwando lolandira mwana wa pabanjapo amene anali atangomira kumene. Manda a makolo ankakhala pafupi ndi nyumba, ndipo chitunda chinali umboni wakuti munda ndi wa banja limenelo. Snorri analemba kuti mfumu Halfdan itamira m'nyanja yozizira, zigawo za dziko lake zinalimbirana mtembo chifukwa nthawi yake kunali zokolola zambiri, mpaka anaugawa kuti chigawo chilichonse chikhale ndi manda ake. Chikhristu chitafika, malamulo a ku Norway anachita kuletsa kupereka nsembe pa zitunda, ndipo lamulo sililetsa chinthu chimene anthu sachita.

Analinso ndi mowa wa maliro, ndipo wolowa m'malo sankakhala pa mpando wa bambo ake mowawo usanamwedwe. Ife tili ndi kumeta, tili ndi mowa wa pakutha pa chaka wotsanzikana ndi mzimu, ndipo masiku ano tili ndi chiliza. Iwo ankaopa akufa osakhazikika, otuluka m'manda kudzavutitsa amoyo, monga ife timaopera ziwanda. M'manda ena a Viking amapezamo malupanga opindidwa dala. Akatswiri ena amati ankapha lupangalo kuti litsate mwini wake, ena amati ankaopa akuba kapena mwini wakeyo. Pa manda akale a kumidzi kwathu mumaona mbale ndi makapu a malemu, ataboola pansi pake, ndipo mukafunsa akuluakulu awiri chifukwa chake mumva mayankho awiri omwewo.

Sindikunena kuti mitundu imeneyi inaphunzitsana. Pakati pa Shepsi ndi amayi a ku Oseberg pali zaka pafupifupi 3,000, ndipo sikelo ya Maat, yoyeza khalidwe la munthu, a Viking analibe. Kwa iwo chachikulu chinali mmene wafera ndi mbiri imene wasiya. Koma ndimaona kuti timalakwa tikamaphunzitsa ana kuti ena anali ndi zikhulupiriro zapamwamba za moyo wam'tsogolo pamene makolo athu ankangopembedza mizimu. Munthu wa ku Qau ndi mbale yake ya chakudya pamanda, ndi Bedyango pa Lwiindi, akanamvana popanda womasulira.

Mkati mwa nkhalango yotetezedwa ya Mosi-oa-Tunya, m'mbali mwa Zambezi, muli manda ena amene alendo oona nyama amaimapo pang'ono. Ndi a ku Old Drift, mudzi woyamba wa Azungu m'derali, umene unamera padooko pamene ngolo ndi katundu zinkaolokera mlatho usanamangidwe. Malowo anali achinyontho, odzadza udzudzu, ndipo malungo ndi nthenda ya mkodzo wakuda zinkatha anthu chaka ndi chaka. Mlatho utatha mu 1905, otsala anasamukira kumtunda, kumene kuli tauni lero, n'kuwasiya anzawo pomwepo. Ambiri anali amuna ochokera kutali, opanda mbumba yodzasesa pamanda, ndipo ena alibe ndi mwala womwe wa dzina. A ku Egypt ankaopa zimenezi kuposa chilombo Ammit. N'chifukwa chake pakhomo pa manda ankalembapo uthenga kwa odutsa m'njira, kuwapempha kuti ngati alibe mkate kapena mowa m'manja, angotchula dzina la mwini manda, poti mpweya wa m'kamwa sagula. Ku Old Drift galimoto ikaima, woperekeza alendo amaloza miyala ingapo imene idakali chiimire, wina n'kuwerama kuwerenga dzina mokweza, kenako onse n'kukwera msanga, chifukwa njovu zimadutsa pomwepo popita kumtsinje.